Kusamukira ku Salima ndi ana aang'ono: zochita musanakweze katundu ndiponso mukafika

Mabanja ambiri amene amabwera kudzakhala ku Salima amatsika kuchokera kumtunda: Lilongwe, Dowa, Ntchisi, Dedza. Ena ntchito ya boma yawasamutsa, ena akudzagwira kuchipatala, ku koleji ya asilikali ya MAFCO, ku kampani ya shuga kapena m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Aliponso amene angotopa ndi lendi ya mumzinda ndipo akufuna ana akulire pamalo a phee, pafupi ndi nyanja. Ulendo wake ndi waufupi, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14, koma pa mtunda umenewo mumatsika mamita opitirira 500, ndipo thupi la mwana limamva kusiyanako msanga kuposa la munthu wamkulu.

Zimene zimasautsa banja latsopano kuno ndi zitatu: kutentha, madzi ndi udzudzu. Zonse zitatuzi zimayambira pa nyumba imene mwasankha. N'chifukwa chake malangizo awa achedwa kwambiri pa nkhani ya nyumba.

Choyamba, sankhani mwezi

Ngati abwana akupatsani mpata wosankha, samukani mu Ogasiti. Mvula kulibe, misewu ya m'makwalala ndi youma, mphepo ya mwera imakhala ikuziziritsabe, ndipo sukulu zili pa holide popeza chaka cha maphunziro chimayamba mu Seputembala. Ana amapeza milungu ingapo yozolowera dzuwa lenileni lisanafike. Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yoipa kusamuka. Masana kumatentha kufika madigiri 35 ngakhale kuposa, usiku makoma amakhala akutulutsabe moto, ndipo mwana wochokera ku Dedza amene anazolowera kugona ndi bulangete amangolira osapeza tulo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi vuto ndi matope, katundu kunyowa pa lole, komanso malungo amene amachuluka nyengo imeneyo.

Koma miyezi yoipayo ndiyo yabwino kukaonera nyumba. Nyumba imene mwaiona m'mawa wa mu Juni siinakuuzeni chilichonse.

Chachiwiri, dera

Salima si malo amodzi. Ku boma, cha ku Kamuzu Road ndi madera ozungulira, ndi kumene kuli msika waukulu, mabanki, chipatala cha boma, madepoti a galimoto za ku Lilongwe, Nkhotakota ndi Balaka, ndiponso sukulu zambiri zoti musankhe. Kamphepo ka kunyanja sikafika kwenikweni, choncho kumatentha. Senga Bay ili pa makilomita pafupifupi 20 kum'mawa. Ndiko kuli nyumba zokongola za anthu opeza bwino, mahotela ngati Sunbird Livingstonia, ndi kamphepo kamadzulo kamene kamakopa aliyense. Koma nyumba zabwino za kumeneko eni ake ambiri amazisungira alendo a kumapeto kwa sabata, ndiye lendi yake ndi ya mtengo wa alendo, ndipo zinthu zina za m'nyumba mumakagulabe ku boma.

Werengerani ndi pensulo musanakopeke ndi mchenga. Ngati mmodzi wa inu azigwira ntchito ku boma, ulendo wopita ndi kubwera ndi makilomita 40 tsiku lililonse, masiku 22 pa mwezi. Onjezani ulendo wa mwana wa sukulu, ngati sukulu imene mukufuna ili ku boma. Kenako dzifunseni funso ili: mwana atatentha thupi 1 koloko usiku, mumufikitsa bwanji kuchipatala, pa galimoto ya ndani? Kwa banja lopanda galimoto, lokhala ndi khanda kapena mayi woyembekezera, ife timalangiza kuyambira ku boma chaka choyamba, kunyanja n'kumapitako Loweruka.

Chachitatu, kuona nyumba

Pitani nonse awiri, bambo ndi mayi, ndipo mufike pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko masana. Madobadoba amakonda kukuonetsani nyumba m'mawa. Kanani. Musalipire chilichonse kwa dobadoba kupatula ya ntchito yake yokulondolerani, ndipo lendi iperekedwe m'manja mwa mwini nyumba weniweni.

Mukalowa, yambani ndi kuyang'ana kumwamba. Nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka ng'anjo masana, makamaka ngati khoma ndi lalifupi moti munthu wamtali akhoza kukhudza mitanda. Siling'i ikhalepo, ndipo muone ngati ilibe madontho akuda osonyeza kudontha kapena ndowe za mileme m'makona. Imani pakati pa chipinda chimene mukufuna kuti ana azigonamo kwa mphindi zisanu, zitseko zili zotseka. Mukatuluka thukuta ili kamukamu, mwana sadzagonamo. Chipinda chimene khoma lake layang'ana kumadzulo chimamwa dzuwa lonse la masana n'kumalitulutsa usiku. Ana apatseni chipinda cha kum'mawa kapena chimene chili pamthunzi wa mtengo. Mtengo wa mango kapena wa nimu kumadzulo kwa nyumba ndi wamtengo wapatali kuposa matailosi.

Mawindo akhale oyang'anizana kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Windo limodzi pachipinda silikwanira. Lililonse likhale ndi waya wotchinga udzudzu, ndipo muyendetse chala m'mphepete mwake, chifukwa waya amayamba kung'ambikira pamene wakhomeredwa ku felemu. Yang'ananinso mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Pamenepo ndi pamene udzudzu wa malungo umalowera kwambiri, ndipo anthu ambiri amatchinga mawindo n'kuiwala mpatawo. Ukhale womata kapena wotchinga ndi waya.

Tsopano tulukani panja muyang'ane pansi. Mbali yaikulu ya Salima ndi chigwa chathyathyathya, ndipo mitsinje ya Linthipe, Lilongwe ndi Lifidzi imatsikira kuno ndi madzi onse a kumtunda. Malo ena madzi amaima milungu ingapo. Nyumba imene madzi amalowamo imadziulula yokha: mzere wa dothi pakhoma cha m'mawondo, pulasitala wofufuma ndi kusuwa m'munsi, chitseko chofutukuka chosatsekeka bwino, njerwa zoyalidwa pabwalo zopondapo. Penti watsopano m'munsi mwa khoma mokha, kumwamba kuli wakale, akhale chenjezo kwa inu. Dothi lakuda la makande limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, ndipo limang'amba makoma. Mng'alu wopingasa wochokera pakona ya windo kutsikira pansi, woti n'kulowa ndalama yachitsulo, ndiye kuti maziko akuyenda. Kumchenga vuto ndi chimbudzi. Dzenje losamangira njerwa m'kati limagumuka mvula ikachuluka, ndiye pondani mozungulira silabu muone ngati pansi sipakutitimira, poti ana ndi amene amathamangirako osayang'ana.

Za madzi musafunse mwini nyumba yekha. Safunsa anadya phula, koma wofunsa munthu mmodzi naye amadya phula lomwelo. Pitani kwa mayi wa nyumba yoyandikana, mupereke moni, kenako mufunse molunjika: "Amayi, madzi a pampopi kuno amatuluka masiku angati pa sabata? Akasiya mumakatunga kuti? Nanga mu Febuluwale msewu uwu galimoto imadutsa?" Mipopi ya m'tauni ndi ya Central Region Water Board. Tsegulani mpopi wa kubafa, osati wa panja wokha, chifukwa mphamvu ya madzi ikachepa wa panja umatulutsa pamene shawa ili gwa. Ngati mudzadalira mjigo, lawani madzi ake. Mijigo ina ya m'chigwa muno imatulutsa madzi a mchere, amene sopo sachita nawo thovu, nyemba zimachedwa kupsa, ndipo ana amakana kumwa. Mwana wokana madzi ku Salima ndi nkhani yaikulu. Chitsime chosaya chimene chili pafupi ndi chimbudzi, osakwana mamita 30, musachiwerengere ngati madzi akumwa.

Magetsi: lembani nambala ya mita ya ESCOM, mugule mayunitsi a ndalama zochepa pa foni, muone ngati abwera okwanira. Akabwera operewera, mita ili ndi ngongole ya amene anatuluka, ndipo izidzadulidwa kwa inu. Onaninso ngati mita ndi ya nyumba yanu yokha. Mita yogawana ndi nyumba ina imabala mikangano mwezi wotentha, pamene aliyense wayatsa fani ndi firiji usiku wonse.

Chachinayi, pangano

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi 3 poyamba. Lembani pangano papepala, aliyense asunge lake, pakhale mboni. Mulembemo tsiku lolipira, nthawi yodziwitsana munthu asanatuluke kapena lendi isanakwere, manambala a mita ya madzi ndi ya magetsi pa tsiku lolowa, ndi amene adzapope chimbudzi chikadzaza. Zimene mwapeza zowonongeka, waya wong'ambika, mpopi wodontha, loko wakufa, zikonzedwe musanalowe. Ngati mukonza nokha, mulembe kuti ndalamayo idzachotsedwa pa lendi, ndipo musunge malisiti. Jambulani chipinda chilichonse pa foni chili chopanda katundu.

Kupatula lendi ndi ya lole, sungani pambali ndalama yokwana kudya mwezi wathunthu. Malipiro a munthu wosamutsidwa ntchito ndiponso ndalama zolipirira ulendo sizifika nthawi zonse pa tsiku limene munayembekezera.

Chachisanu, makalata

Kusukulu, pemphani kalata yosamutsira mwana kwa mphunzitsi wamkulu teremu isanatseke, pamodzi ndi malipoti a mayeso. Pa holide maofesi amakhala otseka ndipo mudzayenda ulendo wachabe. Sukulu ya ku Salima mukaione nokha ana ali m'kalasi. Kuwonjezera pa kuchuluka kwa ana ndi aphunzitsi, onani ngati pali madzi akumwa, mthunzi, ndi mtunda umene mwana aziyenda poweruka dzuwa lili paliwombo. Kilomita imodzi ya ku Dedza si kilomita imodzi ya kuno. Mwana wa Sitandade 8 amene walembetsa kale mayeso a MANEB ndi bwino atsale kwa achibale mpaka alembe, chifukwa dzina lake lili pa sukulu imene analembetsera. Kwa aang'ono, sukulu za mkombaphala zilipo zambiri, za mipingo ndi za anthu. Sankhani yapafupi, yokhala ndi mpanda.

Mabuku a kuchipatala a aliyense, makamaka a sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, aikeni m'chikwama cha m'manja, osati m'katoni. Onani tsiku la katemera wotsatira musananyamuke. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga, a BP kapena a khunyu, atenge kalata yosamukira ku chipatala chawo ndi mankhwala okwana mwezi umodzi kapena kuposa. Kumpingo nakonso tengani kalata. Imaoneka nkhani yaing'ono, koma ndi imene imakupezerani anthu oyamba odzakuonani mukadwala.

Chachisanu ndi chimodzi, katundu ndi tsiku la ulendo

Mabulangete olemera ndi majuzi ambiri asiyeni kapena gulitsani, mungosunga ochepa a mu Juni ndi Julayi pamene mwera umazizira m'mawa. Ndalamayo mugulire maneti, fani imodzi yochajitsa yoti izigwira magetsi akazima, nyale ya sola, zidebe 4 za malita 20 zokhala ndi zivindikiro, ndi mgolo wa malita 200 wosungira madzi. Banja la anthu 5 limafuna malita osachepera 100 pa tsiku pomwa, kuphika ndi kusamba, ndiye mgolo umodzi ndi wa masiku awiri okha. Matiresi okutidwa ndi pulasitiki amawotcha mwana. Yalani mphasa kapena nsalu ya thonje yochindikala pamwamba pake.

Katundu wa nyumba ya zipinda zogona ziwiri amakwana pa lole ya matani 3 ngati mabedi mwamasula. Gwirizanani mtengo wonse, wa mafuta ndi wa anyamata okweza ndi kutsitsa, musanayambe kukweza, ndipo theka lomaliza mulipire katundu atatsika. Kwezani madzulo a dzulo lake, munyamuke 5 koloko m'mawa kuti pofika 9 koloko mukhale mukutsitsa. Msewu wa M14 uli ndi zitunda ndi makona cha ku Chezi ndi Mvera, ndipo lole yolemera imadalira mabuleki potsika. Funsani dalaivala za mabuleki ndi matayala popanda manyazi, ndipo zingwe zomangira muzikokenso mukayenda makilomita 20 oyamba. Ana asakwere kumbuyo pamwamba pa katundu. Akwere minibasi kapena galimoto ina pamodzi ndi amayi awo.

Matumba a makala musanyamule. Lamulo la nkhalango limaletsa kunyamula makala opanda chilolezo, ndipo pa rodibuloko akhoza kugwira lole yonse, katundu wanu ali momwemo. Mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zimafuna chikalata cha alangizi a ziweto. Firiji iyende choimirira, ndipo ikafika ikhale maola osachepera 4 musanailumikize ku magetsi kuti mafuta a mu injini yake abwerere m'malo. Muiike potalikira khoma ndi chikhatho chimodzi, chifukwa kuno imagwira ntchito yowirikiza.

Chachisanu ndi chiwiri, usiku woyamba ndi udzudzu

Ntchito yoyamba mukafika si kuyala makatani. Ndi kupachika maneti. Neti yatsopano yonyikidwa m'mankhwala imafuna kuyanikidwa pamthunzi maola 24 isanagwiritsidwe ntchito, apo ayi imayabwa kumaso, choncho itsegulireni kumene mukuchokera, dzana lake la ulendo. Nyamulani misomali, hamala ndi chingwe m'chikwama chomwe muli mabuku a kuchipatala. Malo aliwonse ogona akhale ndi neti yake, ngakhale a mtsikana wothandiza ntchito ndi mphasa ya alendo. Neti ipisiridwe pansi pa matiresi mbali zonse. Kabowo kolowa chala kasokedwe tsiku lomwelo. Poichapa gwiritsani ntchito sopo wamba ndi madzi ozizira, muyanike pamthunzi, ndipo musaichape pafupipafupi chifukwa mankhwala amasuluka.

Vuto limabwera mu Okutobala. M'nyumba mukatentha, anthu amakankha neti kapena kutulutsa mphasa kukagona pakhonde. Kugona pakhonde si kulakwa ngati mpanda ulipo, koma khomeranitu misomali inayi kumeneko kuti neti izituluka nanu.

Ana obadwira kumtunda kozizira, kumene malungo ndi ochepa, matupi awo sanakumane nawo kawirikawiri, ndipo akawagwira amawagwira mwamphamvu. Lamulo la m'nyumba likhale ili: mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo, asanathe maola 24. Musanene kuti ndi dzuwa chabe kapena kusintha kwa mphepo. Panado amatsitsa kutentha koma sapha tizilombo, ndiye mwana amaoneka ngati wachira pamene matenda akukula. Akapezeka ndi malungo, mankhwala a LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8 chimwereni woyamba, ndipo amwere pa chakudya cha mafuta pang'ono, mkaka, kapena phala la nsinjiro kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Amalize maulendo onse 6 ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, bwererani kuchipatala akakuuzeni zobwereza. Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa, akalefuka osadzuka bwino, akamapuma mobanika, kapena zikhatho zikayera, musadikire kuti kuche. N'chifukwa chake sabata yoyamba yomweyo muyenera kukhala ndi nambala za anthu awiri a njinga yamoto kapena a galimoto amene amayankha foni usiku. Mayi woyembekezera akayambe sikelo ya kuno mwezi womwewo kuti asadumphe Fansidar woteteza ku malungo.

Kutentha ndi madzi akumwa

Thupi limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere. Masiku amenewo ana asasewere padzuwa kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko. Mwana wosakwana miyezi 6 musamupatse madzi ngakhale kutenthe bwanji, ingomuyamwitsani pafupipafupi, ndipo mayi ndi amene amwe madzi ambiri. Okulirapo musadikire kuti apemphe. Khanda lisakulungidwe mu shawelo ndi chipewa cha ulusi monga tinazolowerera kumtunda. Thewera ndi kamalaya ka thonje n'zokwanira. Timatuza tofiira ta thukuta m'khosi ndi kumsana timatha ndi kusamba madzi ozizirira kawiri kapena katatu pa tsiku ndi kuumitsa bwino. Mafuta olemera odzola amatseka khungu n'kuwonjezera vutolo. Thewera likakhala louma maola 6, mkodzo ukada, maso akalowa kapena liwombo likatitimira, madzi achepa m'thupi ndipo mwana aonedwe ndi achipatala. Musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale mukungolowa m'sitolo.

Madzi akumwa, kaya ndi a pampopi kaya a pamjigo, athireni mankhwala. Kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard n'ka chidebe cha malita 20, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Alangizi a zaumoyo a m'dera amagawanso klorini, makamaka m'dzinja. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima ali m'gulu lomwelo, ndiye nkhaniyi anthu a kuno saitenga mwachibwana. Chidebe chakumwa chikhale ndi kampopi kapena kapu yake yotungira imene ana saigwira. Mtsuko wadothi woikidwa pamchenga wonyowa pakona ya nyumba umaziziritsa madzi popanda magetsi. Sungani mapaketi osachepera 4 a Thanzi, wobwezeretsa madzi m'thupi munthu akatsegula m'mimba. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwanso mankhwala a zinc kwa masiku 10.

Kukhitchini zinthu zimasintha. Mkute umene ku Dedza unkadyedwa m'mawa bwinobwino, kuno umafika m'mawa utayamba kununkha. Phala la mwana liphikidwe lokwana nthawi imodzi. Ndiwo zotsala muziwiritse mpaka zibwate musanagone, ndi m'mawanso. Ufa gayitsani wa milungu iwiri yokha. Chimanga anankafumbwe amachiboola msanga chifukwa cha kutentha, choncho chisungeni m'matumba osalowa mpweya a PICS omanga bwino kapena muthire mankhwala, ndipo matumbawo asanjikidwe pa matabwa, asagunde khoma, poopa chiswe.

Nyanja

Walira mvula walira matope. Nyanja imene yakukokerani kuno ili ndi zake zofunika kuzidziwa. Likodzo limachokera ku tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi odekha, m'mabango, m'madambo ndi m'minda ya mpunga ngati ya ku Lifuwu. Timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Ana asambe pa mchenga woyera pamene mafunde amamenya, kutali ndi mabango ndiponso kutali ndi pamene anthu ambiri amachapira, ngakhale kuti pamenepo chiopsezo chimangochepa, sichitha. Mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, pitani kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwanso m'sukulu nthawi ndi nthawi, ndipo mwana wanu akabwera ndi uthenga wa zimenezi muloleni amwe, atadya kaye. Madzi a m'nyanja osambitsira khanda aphitseni, kapena akhale m'chidebe masiku awiri.

Mwana wa kumtunda sadziwa kusambira, pamene anzake a kuno anayamba akukwawa. Adzawatsatira. Muuzeni mosabisa kuti kunyanja sapita popanda wamkulu, ndipo wamkuluyo akhale woyang'ana mwana, osati foni. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amakula mwadzidzidzi. Kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu, ndiye funsani asodzi a pamalopo musanalowe m'madzi pamalo achilendo, ndipo m'bandakucha ndi chisisira musalowemo n'komwe.

Nsomba gulani m'mawa kugombe kapena kumsika zisanawombedwe ndi dzuwa. Chambo kapena kampango wabwino maso ake amawala, ndipo mnofu ukaudina ndi chala umabwerera. Musadabwe mtengo ukakwera nthawi ya mwera, pamene asodzi amalephera kulowa m'madzi, kapena nyengo yotseka usodzi. Ku chilumba cha Mbenji, mwachitsanzo, mafumu amatseka usodzi m'miyezi ya dzinja chaka chilichonse. Usipa ndi utaka zouma zikatchipa, gulani zosunga.

Kukhala ndi anthu

Sabata yoyamba isathe musanakaonekere kwa amfumu kapena mkulu wa dera lanu. Pemphani mwini nyumba kapena mnansi akuperekezeni, munyamule kangachepe, munene dzina lanu, kumudzi kwanu ndi ntchito imene yakubweretsani. Funsani za chopereka cha maliro, cha chitetezo cha m'mudzi ndi cha pamjigo, ndipo maliro oyamba akachitika mukapezekeko ngakhale womwalirayo simukumudziwa. Ku Salima Achewa ndi Ayao amakhalira limodzi, ndipo m'madera ambiri a kunyanja Asilamu ndi ochuluka. Musanamange khola la nkhumba kapena kuwotcha nyama yake pabwalo logawana, yambani mwadziwa amene mwayandikana nawo. Ana anu aphunzitseni kupereka ulemu pa Chisilamu ndi pa Gule Wamkulu mofanana, ndipo akakumana ndi gule panjira apatuke.

Tauni ndi yathyathyathya, choncho njinga yakapalasa ndiyo mwendo wa aliyense. Mukapeza wa kabaza wokhulupirika woti azinyamula mwana kusukulu, gwirizanani naye malipiro a pamwezi. Onetsetsani kuti njinga yake ili ndi popondera ndiponso chotchinga masipoko a tayala lakumbuyo. Chidendene cha mwana chikalowa m'masipoko bala lake limachedwa kupola, ndipo ngozi imeneyi imachitikira ana ovala patapata amene miyendo yawo imangolendewera.

Za kugula malo

Pakatha miyezi iwiri anthu adzayamba kukuonetsani mapuloti, ena a m'mbali mwenimweni mwa nyanja, pa mtengo wooneka wotsika poyerekeza ndi ku Lilongwe. Dikirani mpaka mutaona dzinja limodzi lathunthu. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri ndipo madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwake. Malo amene mukuwafuna mukawaone mu Febuluwale mvula itagwa usiku, komanso mu Epulo kapena Meyi pamene nyanja imakhala itadzaza. Funsani achikulire a pamalopo pamene madzi anafika chaka chimenecho, akulozereni pa mtengo kapena pa khoma.

Dziwani mtundu wa malowo: a makolo, a boma, kapena a lizi. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, ali ndi ndondomeko yake pa malo a makolo, ndipo kalata ya amfumu yokha siikutetezani mokwanira. Pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya boma la Salima ndi wogulitsayo, akatsimikize kuti malowo sali pa dzina la munthu wina ndiponso sali pamene padzadutse msewu, njanji kapena mawaya a magetsi. Kuno malo ambiri ndi a mbumba, amayenda kuchikazi. Mwamuna wogulitsa akhoza kukhala mkamwini chabe, choncho mwinimbumba ndi alongo a banjalo apezeke pokambirana ndipo asayine nawo. Yendani malire onse ndi eni minda yoyandikana, mukhome zikhomo za simenti tsiku lomwelo iwo akuona. Ndalama ilipiridwe kudzera kubanki, m'magawo awiri, gawo lomaliza mapepala a ku ofesi ya za malo atatuluka.